Yunivesite ya m'thumba: aphunzitsidwe ndani kuti wa ku Fíngoè apindule?

Ku Fíngoè kulibe yunivesite. Likulu la boma la Marávia ili lili kumpoto kwa nyanja ya Cahora Bassa, pa msewu wochokera ku Bene kulowera ku Zumbo, ndipo wofuna kukhala m'kalasi ya maphunziro apamwamba ayenera kuchoka kwawo, mwina kutsikira mumzinda wa Tete, kapena kupitirira mpaka ku Ulónguè, ku Chimoio kaya ku Beira. Koma ophunzira a yunivesite aliko. Ndi aphunzitsi a kupulayimale, ogwira ntchito kuchipatala, alembi a m'maofesi a boma, anthu amene masana ali pantchito, usiku akulimbana ndi foni kuti alowe pa pulatifomu ya sukulu imene mwina pakhomo pake sadapondepo.

Chowakokera n'chodziwika. Mphunzitsi amene ali pa giredi ya N3 kapena N4 amadziwa kuti digiri ya licenciatura ndiyo ingamutsegulire njira ya ku N1, ngakhale kukwezedwako kumachedwa podikira ndalama za boma. Kusiya ntchito n'kukakhala ku Tete zaka zinayi sangathe, ana adya chiyani? Apa mpamene padalowera maphunziro ophunzira munthu ali kwawo. Universidade Católica de Moçambique idatsegula nthambi yake ya maphunziro otere mu 2003, ndipo ambiri amene idawafikira adali aphunzitsi a m'maboma. Ku Beira kudabadwanso ISCED mu 2014, imene lero ikutchedwa UnISCED, ndipo yonse idakhazikika pa maphunziro a patali. Zina, monga Universidade Púnguè imene idatuluka mu Universidade Pedagógica mu 2019, Universidade Zambeze, ndi Instituto Superior Politécnico de Tete ya mu 2005, nazo zidakakamizika kudalira njirayi pamene sukulu zonse zidatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19.

Chaka chimenecho chidaulula zimene zinkabisika. Akadaulo okhala ndi madigiri awiri atatu adapezeka kuti sadziwa kuika phunziro pa Moodle. Ena ankajambula masamba a kope lawo ndi foni n'kumwaza pa WhatsApp, zithunzi zopendekeka, theka la tsamba lili mumdima. Ena adazolowera Zoom n'kumalankhula maola awiri osapumira, osadziwa kuti ophunzira ambiri adagwa kale pa mzere. Kuyambira pamenepo mawu akuti "tiwaphunzitse zaukadaulo" sasowa m'misonkhano ya mayunivesite, ndipo mkangano umene ulipo ndi wakuti kodi ndalama zochepa zimene zilipo zipite kukuphunzitsa anthu, kapena zipite kaye ku magetsi, netiweki ndi zipangizo.

Amene amaikira kumbuyo maphunzirowa ali ndi mfundo yolimba. Iwo amati zingwe ndi makina Mozambique sadayambe dzulo. Nthambi ya makompyuta ya Universidade Eduardo Mondlane, CIUEM, ndiyo idabweretsa imelo ndi intaneti m'dzikomo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mu 2005 boma lidakhazikitsa MoRENet kuti ilumikize sukulu zapamwamba ndi malo ofufuzira, ndipo iyo ili m'gulu la UbuntuNet Alliance limene ofesi yake ili ku Lilongwe. Chikhalirecho, chingwe chikafika pasukulu si kuti kaphunzitsidwe kasintha. Zipinda za makompyuta zokhomedwa ndi loko, kiyi ali ndi munthu mmodzi amene wapita ku maliro, aliyense woyenda m'sukulu za kuno adazionapo. Makina amafa ndi fumbi asanagwire ntchito chifukwa palibe adaphunzitsidwa kuwasamala, ndipo aphunzitsi amawaopa.

Amanenanso za gulu limene kawirikawiri limaiwalika: ogwira ntchito mu secretaria, amene amalemba maina, kulandira umboni wa malipiro ndi kulowetsa malikisi. Kwa wophunzira wokhala mumzinda, dzina likasowa pa mndandanda amangokwera txopela n'kukagogoda pa ofesi. Wa ku Chipera kapena ku Malowera, m'boma la Marávia, cholakwa chomwecho chimamudyera ulendo wa masiku, ndalama ya galimoto ndi malo ogona, ndipo m'dzinja msewu wa dothi umachita kusankha tsiku lomudutsitsa. Mlembi mmodzi wodziwa bwino dongosolo la pakompyuta, woyankha uthenga tsiku lomwelo, amapulumutsa anthu ambiri kuposa momwe akuluakulu a sukulu amaganizira. Ine pa mfundo iyi ndilibe chotsutsa.

Koma a mbali inayo nawo sakulota. Funso lawo n'lakuti, mumuphunzitsa munthu kulowa pa pulatifomu, alowa ndi chiyani? Damu la Cahora Bassa, pa nyanja yomweyo imene Marávia amamwa, lili ndi mphamvu ya mamegawati 2,075, ndipo gawo lalikulu la magetsiwo limayenda pa chingwe cha makilomita pafupifupi 1,400 kukathera ku South Africa. Ukachoka pa likulu la boma n'kulowa m'midzi, foni imatchajidwa pa sola ya pagolosale, kulipira pa batire lililonse. Kubwera kwa Movitel mu 2012 kudafikitsa netiweki m'madera ambiri amene kale kudalibe, n'zoona, koma netiweki yoimbira foni ndi netiweki yotumizira fayilo ya masamba makumi awiri ndi zinthu ziwiri. M'dziko lonse, ogwiritsa ntchito intaneti m'zaka zaposachedwazi akhala akuyerekezedwa pa munthu mmodzi mwa anayi kapena asanu, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mizinda.

Mtengo nawo uli ndi pake. Mu Meyi 2024 bungwe loyang'anira za mauthenga la INCM litakhazikitsa mitengo yatsopano imene idathetsa mabandulo opanda malire, achinyamata, ambiri a iwo ophunzira, adaguba mu Maputo mpaka chigamulocho chidaimitsidwa. Patangopita miyezi yochepa, zisankho za mu Okutobala zitabweretsa zipolowe, intaneti ya pafoni idadulidwa kangapo ndipo WhatsApp ndi Facebook zidatsekerezedwa. Wophunzira amene sukulu yake yonse ili m'foni, masiku amenewo sukulu yake idatsekedwa popanda womuuza. Palibe maphunziro a zaukadaulo amene akadamuthandiza.

Otsutsawa amaonjezera china chimene ambiri amachidziwa koma sachinena pagulu. "Kuphunzitsa anthu" nthawi zambiri kumatanthauza masiku atatu mu hotela, nkhuku yamasana, satifiketi ndi ndalama ya m'thumba. Opita amasankhidwa potengera udindo, osati potengera amene akagwiritse ntchito. Wophunzitsa amaonetsa zonse pa intaneti yothamanga ya pahotelapo, aliyense n'kuomba m'manja, Lolemba abwerera ku choko. Ndipo amafunsa za ubwino wa madigiriwo: ngati wophunzira angalipire mnyamata wa pamalo osindikizira mapepala kuti amulembere ntchito, kapena masiku ano kungofunsa ChatGPT n'kumata, ndiye kuti ukadaulo wathandiza kuphunzira kapena wangofewetsa chinyengo?

Ndikaika mbali ziwirizi pamodzi ndimaona kuti sakukangana pa chinthu chimodzi. Maphunziro amene otsutsa akuwanyoza ndi oyeneradi kunyozedwa. Amakonzedwa poganizira mphunzitsi wokhala mu ofesi ya ku Beira, ndipo amamuphunzitsa kugwiritsa ntchito chida chilichonse chimene pulatifomu ili nacho. Amene akusoweka ndi oyambira ku mbali inayo, kwa munthu amene waima pachulu kuseri kwa sukulu cha m'ma 10 koloko usiku, foni ataikweza m'mwamba, akuyang'ana kamzere kotumizira kakuyenda pang'onopang'ono, kufika pa 80 peresenti n'kuima, nthawi yotsekera ili 23:59. Wamukhumudwitsa munthu ameneyu si mlongoti wa netiweki wokha. Ndi mphunzitsinso amene adalamula kuti ntchito itumizidwe mu fayilo yolemera, amene adaika tsiku limodzi lokha lotumizira, amene sadadziwe kuti pulatifomu yomweyo imalola kutsegula khomo kwa sabata yathunthu.

Izi n'zophunzitsika, ndipo si zodula. Ola limodzi la Zoom ndi kanema limadya mamega mazana angapo, nthawi zina kupitirira giga. Mawu ojambulidwa a mphindi khumi pa WhatsApp safika mamega asanu, ndipo wophunzira angawamvere kawiri katatu akupalasa njinga. Pulogalamu ya Moodle ya pafoni imalola kutsitsa phunziro pamene netiweki ilipo n'kumawerenga ilibe. Fayilo ya PDF ingachepetsedwe isanatumizidwe. Mafunso angalembedwe moti yankho lake lifune zimene wophunzira akuona kwawo, kalasi yake ya ana 70, msika wake, munda wake, zimene makina olemba okha sangazidziwe. Apo chinyengo chimachepa popanda kugula pulogalamu yogwira akuba. Mphunzitsi wa payunivesite wodziwa izi wachepetsa kale mtunda wa pakati pa Beira ndi Fíngoè, mlongoti watsopano usanamangidwe. Choncho kunena kuti tidikire kaye magetsi afike ponseponse, pamene cholinga cha boma chomwe chili pa 2030, n'kuuza m'badwo wonse wa aphunzitsi kuti ukalambire pa N3.

Kwa ophunzira nkhani ndi ina. Ambiri amafika pa digiri asanagwirepo kompyuta kupatula kuiona m'buku la kusekondale. Foni amaidziwa, kutumiza ndalama pa M-Pesa kaya e-Mola sawaphunzitsa munthu, koma kulemba masamba khumi mu Word, kuika manambala a masamba, kusunga fayilo ndi dzina lopezeka mawa, kusamala pasiwedi, kusiyanitsa nkhani yofufuzidwa ndi mphekesera ya pa Facebook, zimenezi palibe adawaonetsa. Kanema wa mphindi makumi atatu wofotokoza "momwe mungalowere pa pulatifomu", woikidwa pa pulatifomu pomwepo, kuli ngati kutsekera kiyi m'nyumba n'kumuuza mlendo kuti alowe akatenge. Pamafunika munthu wokhala naye pa benchi, wogwira foni yomweyo.

Ndipo munthuyo alankhule chinenero chimene winayo amaganizira. Zonse za pa pulatifomu zili m'Chipwitikizi, zina m'Chingerezi, ndipo palibe akunena kuti digiri ilembedwe m'Chinyanja mawa. Koma kufotokozera kumalowa msanga m'Chinyanja kapena m'Chinsenga. Chigawo cha Tete chili ndi mbiri pa nkhaniyi: pakati pa 1993 ndi 1997 ntchito yoyesera ya PEBIMO idaphunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza asanalowe m'Chipwitikizi, ndipo zotsatira zake zidathandiza kuti maphunziro a zinenero ziwiri alowe m'sukulu za boma. Chimene chidathandiza mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri sichingalephere kwa bambo wa zaka makumi anayi amene akuchita manyazi kufunsa kachitatu. Amayi ndiye ali ndi vuto lawo lapadera: m'makomo ambiri foni yabwino ndi ya abambo, ndipo mayi wophunzira amaipeza usiku, batire litatha.

Ku Malawi, Mzuzu University itayamba maphunziro a patali idatsegula malo othandizira ophunzira m'maboma monga Karonga, Balaka ndi Mulanje, pozindikira kuti foni payokha sikwanira. Mayunivesite a ku Mozambique nawo ali ndi malo otere, koma ambiri ali m'mizinda ikuluikulu ya zigawo, ndipo kwa wa ku Marávia mzinda wa Tete si pafupi. Chipinda chimodzi pa sekondale ya pa boma, chokhala ndi sola, makompyuta ochepa ndi mphunzitsi wa komweko wophunzitsidwa bwino ndi wolipidwa pa ntchitoyo, chingatumikire ophunzira a mayunivesite onse pamodzi. Chiyambire 2023 Starlink ikugwira ntchito mu Mozambique, kotero mbale imodzi ingapereke intaneti pamalo amene chingwe sichidafike. Chovuta n'chakuti mayunivesitewa amalimbirana ophunzira omwewo, ndipo kugawana chipinda si khalidwe lawo.

Pali pomwe otsutsa sindingawagonjetse. Udokotala umene Universidade Zambeze imaphunzitsa ku Tete, zaulimi za ku Ulónguè, zamigodi za ku Politécnico, izi zimafuna labotale, munda ndi mwala m'manja. Boma la Marávia lili ndi golide amene anthu amakumba ndi manja, koma mwana wa kumeneko wofuna kukhala injiniya wa migodi ayenerabe kunyamula chikwama. Maphunziro a pafoni amathandiza kwambiri amene ali kale pantchito, pa maphunziro a zauphunzitsi, zoyendetsa maofesi ndi zamalamulo. Asatinamize kuti alowa m'malo mwa zonse. Ndiponso mphunzitsi wa payunivesite amene ali ndi ophunzira mazana pa phunziro limodzi, akuphunzitsanso pa sukulu ina madzulo kuti malipiro akwane, mungamuphunzitse bwanji, nthawi yomvera mawu a wophunzira aliyense sakhala nayo. Kukonza phunziro lopepuka kumadya maola ambiri kuposa kungoyatsa kamera n'kulankhula, ndipo maola amenewo pakadali pano sawerengedwa pa malipiro kapena pa kukwezedwa.

Ndalama yogulira mbale ya intaneti ndi makompyuta imapezeka, opereka thandizo amakonda zinthu zojambulika pa tsiku lotsegulira. Imene imavuta ndi ya mwezi ndi mwezi: yolipira intanetiyo, yosinthira batire la sola likafooka, ndi ya mphunzitsi uja wotsegula chipinda Loweruka. Mgwirizano uliwonse wa maphunziro a zaukadaulo umene ukusainidwa ku Maputo kapena ku Beira uyenera kufunsidwa za mizere itatu ya ndalama imeneyi, ndi kuti m'chaka chachitatu idzalipidwa ndi yunivesite, ndi boma la Marávia, kapena idzaonjezedwa pa fizi ya wophunzira yemweyo.