Khanda si katundu pa ulendo wa panyanja

Sukulu zikatsekera ndipo ndalama ya soya ndi fodya ikadali m'thumba, mabanja ena a kwa Msakambewa ku Dowa ndi madera oyandikana nawo ku Ntchisi amayamba kukamba za ulendo wa kunyanja. Ena ndi aphunzitsi, apolisi kapena azaumoyo omwe kwawo ndi ku Likoma, Chizumulu kapena Usisya, ndipo amafuna kukaonetsa mwana kwa agogo ake. Ena amangofuna kuti banja lonse likalaweko sitima ya Ilala, yomwe ana amangoiona m'mabuku a kusukulu.

Palibe cholakwika pamenepa. Nyanja ya Malawi si ya azungu odzacheza okha, ndipo banja la kumapiri lili ndi ufulu wokapumulako ngati wina aliyense. Koma pali mlendo mmodzi pa ulendowu yemwe safunsidwa maganizo ake. Ameneyu ndi khanda, lomwe nthawi zambiri limawerengedwa pamodzi ndi zikwama: mayi abereka, bambo anyamula chikwama, ulendo wayamba.

Ilala ndi sitima yakale. Idapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland m'chaka cha 1949, idabwera m'zidutswa, ndipo idayamba kuyenda panyanja yathu mu 1951. Kwa zaka zambiri yakhala mlatho wa anthu a pazilumba ndi a m'midzi yovuta kufikako pagalimoto. Koma ulendo wake ndi wa usana ndi usiku, ndipo chipinda cha pansi, komwe mtengo wake ambiri amaukwanitsa, chimadzaza anthu, matumba a chimanga, usipa ndi katundu wina. Kutentha kwa mmenemo wamkulu amapirira. Khanda la miyezi iwiri silingathe kunena kuti lalefuka.

Choopsa chachikulu si sitimayo ayi, koma kukafika pomwe yaima. M'malo ngati Nkhotakota, Usisya ndi Ruarwe, apaulendo akhala akukwera maboti aang'ono kuchokera kumtunda kukapeza sitima pakati pa madzi. Nthawi zina munthu amayamba wavuula madzi mpaka m'chiuno, nthawi zina ndi usiku, ndipo aliyense amalimbirana malo. Pamenepa mayi amakhala atabereka mwana kumbuyo ndi chitenje, manja ali ku katundu.

Kubereka mwana kumbuyo n'kwabwino kumunda, kumsika ndi pamsewu. Pamadzi n'kosiyana. Mayi akaterereka kapena boti likapendekeka, iye amalimbana n'kuti mutu wake utuluke pamwamba, pomwe mwana womangidwa kumsana ali m'madzi, ndipo mfundo ya chitenje chonyowa simasuka msanga. N'chifukwa chake pokwera boti mwana ayenera kukhala kutsogolo, m'manja mwa munthu wamkulu yemwe sadanyamule china chilichonse. Katundu anyamule ena. Bambo amene akuthamangira kusunga malo m'sitima, kusiya mkazi wake ndi khanda komanso thumba pamutu, wayamba kale kulakwitsa ulendo.

Mbiri ya madzi athu ili ndi misozi yokwanira kuphunzitsa aliyense. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya idamira kumpoto kwa nyanjayi itakumana ndi mphepo yamkuntho, ndipo anthu 145 adafa. Mu May 2023 bwato lodzaza anthu lidagubuduzidwa ndi mvuu pamtsinje wa Shire ku Nsanje. Mtembo woyamba kupezeka udali wa mwana wa chaka chimodzi, ndipo anthu oposa 20 adasowa. Ngozi ikagwa pamadzi, wamng'ono ndiye alibe mwayi.

M'maiko a ku Ulaya ndi America, komwe anthu amakachita tchuthi m'sitima zikuluzikulu zokhala ndi dokotala ndi kachipatala momwemo, makampani ambiri salola mwana wosakwana miyezi 6, ndipo pa maulendo ataliatali amafuna kuti akwanitse chaka. Ngati iwo, ndi zipangizo zawo zonse, akuopa, kuli bwanji banja lomwe mwana akatentha thupi pakati pausiku liyenera kudikira mpaka sitima ikaime pa doko lina?

Palinso matenda. Malungo aliko ku Dowa ndi ku Ntchisi, koma kunyanja n'kotentha ndipo udzudzu ndi wochuluka, makamaka nyengo ya mvula pomwe anthu amayenda maulendo a Khirisimasi. Dziko la Malawi lidali loyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mu April 2019, koma katemerayu amayamba mwana akakwana miyezi 5, ndipo salowa m'malo mwa neti. Mliri wa kolera womwe udayamba mu March 2022 udapha anthu oposa 1,700, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay adali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Mwana woyamwa bere lokha, monga azaumoyo amalangizira pa miyezi 6 yoyamba, amatetezeka ku madzi oipa. Koma amene wayamba phala amafunika madzi owiritsa kapena othira mankhwala, sopo, ndi mapaketi a Thanzi m'chikwama.

Choncho banja lomwe lili ndi khanda lidzifunse moona mtima: kodi ulendowu sungadikire? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Agogo okonda mdzukulu wawo angalole kumuona atakhwimako kusiyana n'kumulandira ali lefu. Ngati n'kotheka, iwowo ndiwo akwere sitima kubwera kumtunda. Ngati ulendo ndi wokakamiza, monga wa maliro kapena matenda, makolo ayambe afika kusikelo, atenge buku la kuchipatala la mwana, neti ndi zofunda, ndipo asankhe doko lomwe sitima imafika pamlatho, monga Nkhata Bay kapena Monkey Bay, ngakhale zitawonjezera ndalama ya basi. Apewenso miyezi ya mwera, kuyambira May mpaka August, pomwe nyanja imakalipa.

Koma udindo si wa makolo okha. Pali amayi a pazilumba omwe alibe njira ina yopitira kumtunda koma pamadzi, khanda lili m'manja. Jekete yodzitetezera pamadzi ya munthu wamkulu siingathandize khanda, chifukwa limangopulumukamo. Nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi iyenera kuonetsetsa kuti sitima ndi boti lililonse lonyamula anthu lili ndi majekete a ana aang'ono, kuti amayi a ana akukwera poyamba, komanso kuti boti silikudzaza mopyola muyezo. Eni maboti omwe amawerenga makwacha m'malo mowerenga mitu ya anthu alandidwe ziphaso ngozi isadachitike, osati kudikira kuti akuluakulu akapepese pamaliro.

Nyanja ilipo ndipo siithawa. Mwana akakula adzaikwera sitimayo, n'kudzasimba yekha za mapiri a Usisya ndi tchalitchi chachikulu cha pa Likoma. Chofunika n'chakuti afike pa msinkhu umenewo.