Kodi foni ingatsimikize kuti nyumba ya alendo ndi yotetezeka?

Mu Okutobala 2022, alendo atatu ochokera ku America anapezeka atafa m'nyumba yomwe anachita lendi kudzera pa Airbnb mumzinda wa Mexico City. Chinawapha ndi carbon monoxide, mpweya wa poizoni wopanda fungo, umene umatuluka gasi, makala kapena mafuta zikamayaka m'malo otsekeka. Kachipangizo kotsika mtengo kolira kakamva mpweyawu kakanatha kuwadzutsa.

N'chifukwa chake sindinyoza zipangizo zamakono zoyendera nyumba zotere. Pali mapulogalamu a pafoni, monga Breezeway, omwe amatsogolera wantchito chipinda ndi chipinda mlendo asanafike: ajambule chozimitsira moto, adine alamu ya utsi, aone ngati khomo lothawira likutseguka. Tsiku ndi nthawi zimalembedwa zokha, choncho zonamizira kuti "ndinaona dzulo" zimachepa. Mmalawi wokhala ku Johannesburg amene ali ndi nyumba ya alendo ku Area 43 kapena m'mbali mwa nyanja ku Mangochi angathe kuona zonsezi ali komweko. Pakachitika ngozi, umboni ulipo.

Komabe, funso n'lakuti, woyenderayo ndani? Kawirikawiri ndi mwininyumba yemweyo kapena munthu amene iye amamulipira. Pa Airbnb, wolemba kuti m'nyumba muli alamu ndi mwiniwake. Chithunzi chingaonetse silinda ya gasi yopukutidwa bwino, koma sichingaonetse kuti payipi yake ikutulutsa gasi, ndipo mawaya opserera mkati mwa khoma foni siiwaona n'komwe. Kwathu kuno vuto limakula magetsi akathima. Alamu yodalira intaneti imaleka kutumiza uthenga nthawi yomweyo imene mlonda akuliza jenereta pafupi ndi zenera, kapena mlendo akulowetsa mbaula m'nyumba usiku wozizira wa mu Juni.

Palinso nkhani ya chinsinsi cha mlendo. Chipangizo cha Minut chimangoyeza kukula kwa phokoso osajambula zolankhula, koma makamera anafika povuta moti Airbnb inawaletseratu m'kati mwa nyumba kuyambira pa 30 Epulo 2024.

Dziko la Scotland linasankha njira ina. Kuyambira pa 1 Okutobala 2022, woyamba bizinesi yotere amayenera kukhala ndi chiphaso cha khonsolo, ndipo amene analipo kale anapatsidwa mpaka pa 1 Okutobala 2023 kuti akapemphe. Gasi amayenderedwa chaka chilichonse ndi katswiri wovomerezeka, mawaya a magetsi pakatha zaka 5 zilizonse. Eni nyumba ambiri anadandaula ndi ndalama komanso kuchuluka kwa zikalata, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka, makamaka kwa munthu wa kanyumba kamodzi. Apa ndi pamene zamakono zingathandize kwambiri: kusunga ziphaso pa intaneti, kukumbutsa tsiku lomwe zikutha, ndi kulola mlendo kuziona asanalipire.

Ine ndikuona kuti foni igwire ntchito ya kalaliki, koma kuweruza kuti nyumba ndi yotetezeka kukhale kwa katswiri amene sadyera mthumba mwa mwininyumba. Makhonsolo athu ndi unduna woona zokopa alendo ayambe ndi kulembetsa nyumba zimenezi. Inuyo amene mukufuna pogona ku Salima kapena Nkhata Bay, funsani mwininyumba ngati muli alamu ya mabatire, ndipo mukafika, idineni mumve ngati ikulira.