ZA MAKINA: Nkhoswe ya sikana ndi kompyuta yakale

Chiswe sichidziwa kuti pepala ili ndi la munda, ili ndi la ubatizo. Chimadya onse. Denga likadontha, nayonso mvula siwerenga chidindo. Anthu a m'malire muno nkhaniyi amaidziwa bwino, makamaka amene anabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha mu 1992, ambiri opanda sedula, opanda chikalata cha sukulu, ena osadziwa n'komwe chaka chimene anabadwa.

Tsono pali ofesi zina, za mishoni, za sukulu kapena za mabungwe a alimi, zimene zili ndi kompyuta yakale. M'katimo muli pulogalamu yosunga maina imene inalembedwa kalekale. Imadziwa dzina la munthu, mudzi wake ndi nyakwawa yake, koma nkhope yake siidziwa, ndipo pepala lake sinalionepo. Akabwera wogulitsa makina amangoti tayani zonsezi mugule zatsopano. Mawu amenewo ndi a wamalonda. Pulogalamu yakaleyo ingathe kuphunzitsidwa kulandira zithunzi, maina onse ali momwemo.

Makina ojambula pepala amatchedwa sikana. Pepala limagonekedwa pagalasi, nyali imayenda pansi pake, ndipo makinawo amalidula m'timadontho ting'onoting'ono n'kupatsa kadontho kalikonse nambala. Si nzeru ya dzulo ayi. Mu 1957 Russell Kirsch wa ku America anajambula motero chithunzi cha mwana wake wa miyezi itatu. Chinali cha timadontho 176 m'litali ndi 176 m'lifupi basi.

Vuto linadza masikana atachuluka. Kampani iliyonse inkapanga yake yolankhula chinenero chakechake, ndipo wolemba pulogalamu ankayenera kuphunzira zinenero zonsezo. Zinali ngati kalaliki wa pa msika wa m'malire amene ayenera kumva Chichewa, Chinyungwe, Chisena ndi Chipwitikizi, ndipo mawa kwabweranso wina wa chinenero chachilendo. Makampani asanu, Aldus, Caere, Eastman Kodak, Hewlett-Packard ndi Logitech, anakhala pansi nagwirizana zoika nkhoswe pakati. Nkhosweyo anaitcha TWAIN, ndipo inatuluka mu 1992, chaka chomwecho chimene mtendere wa Mozambique unasainidwa ku Roma.

Ntchito yake ndi ya ankhoswe ndithu. Pulogalamu silankhula ndi sikana maso ndi maso. Imauza TWAIN kuti ikufuna chithunzi, TWAIN n'kukauza kapulogalamu kamene kanabwera ndi sikanayo, kotchedwa driver, chithunzi n'kubwerera njira yomweyo. Choncho wokonza pulogalamu yakale sagwetsa nyumba yonse. Amangoboola khomo limodzi: batani lakuti "Jambula", ndi malo oonetsera chimene chajambulidwa.

Koma nkhani yagona pa kusunga. Pepala limodzi la A4, likajambulidwa ndi timadontho 300 pa inchi, limatulutsa timadontho 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, pafupifupi 8.7 miliyoni. Likakhala la mitundu, kadontho kalikonse kamadya malo atatu, ndiye pepala limodzilo limalemera 26 MB. Amene anagwirapo madisiketi akale aja a 1.44 MB awerenge okha: madisiketi 18 kunyamula kalata imodzi! Mapulogalamu ambiri a nthawi imeneyo ankalembedwa pa Microsoft Access 97, imene nkhokwe yake inkathera pa 1 GB. Wothira zithunzi zotere m'kati mwenimweni mwa nkhokweyo akanaidzaza ndi masamba pafupifupi 40, ndipo nkhokwe ikaphulika amapita nawo ndi maina omwe.

Odziwa ntchito amachita mwina. Chithunzi amachisunga padera, m'foda yakeyake, ndipo m'pulogalamu amangolembamo dzina la chithunzicho ndi pamene chili. Amachichepetsanso. Njira ya JPEG, imenenso ndi ya 1992, imafinya chithunzi cha nkhope mpaka kutsala gawo limodzi mwa magawo khumi osaoneka kusintha kwenikweni. Ili ndi khalidwe limodzi loipa: chithunzi chikamakonzedwa ndi kusungidwanso kawirikawiri chimanka chifwifwa, ngati chitenje chochapidwa tsiku ndi tsiku. Makalata olembedwa amakhala bwino mu TIFF, ya 1986, kapena mu PDF, ya 1993. Ena pofuna kusunga malo amajambula zakuda ndi zoyera zokhazokha. Pamenepo chidindo chofwifwa ndi zolemba za pensulo zimasowa, pomwe pa pepala la munda chidindocho ndiye mwini nkhani. Kuli bwino kujambula motuwa, ngakhale kukudya malo ambiri.

Chifukwa china chosungira zithunzi padera n'chakuti zida zobwereka sizikhalitsa. Windows 98 ndi Windows 2000 zinkabwera ndi pulogalamu yotchedwa Imaging for Windows, imene inayambidwa ndi kampani ya Wang kenaka n'kupita m'manja mwa Kodak. Olemba mapulogalamu ambiri anabwereka zida zake zojambulira ndi zoonetsera, poti zinali zaulere ndipo zinalimo kale. Itatuluka Windows XP mu 2001, Imaging munalibe. Ofesi imene yangogula kompyuta yatsopano inkapeza batani lojambula lija lili zii. Amene zithunzi zawo zinali m'foda, mu TIFF kapena JPEG, anangozitsegula ndi pulogalamu ina ntchito n'kupitirira.

Masiku ano chopunthwitsa ndi china. Pulogalamu yakale ndi ya mtundu wa 32-bit, ndipo imamvana ndi driver wa TWAIN wa mtundu womwewo basi. Wogula sikana afunse zimenezi ndalama zisanatuluke m'thumba. Zikakanika, njira yachidule ilipo. Pulogalamu yaulere ya NAPS2, kapena yogula ya VueScan imene imadziwa masikana akale ambirimbiri, ijambule pepalalo n'kuliika m'foda, ndipo pulogalamu yakale ingolitola pamenepo. Ngakhale chithunzi cha pa foni chingalowe pa khomo lomwelo, malinga chajambulidwa poyera ndipo pepala lagona bwino.

Kwa mwini pepala, amene wayenda mtunda pa njinga kudzafika pa ofesi, zofunika n'zochepa. Kalaliki akajambula, apemphe kuona chithunzicho pagalasi la kompyuta, aone ngati dzina, tsiku ndi chidindo zikuwerengeka, ndiponso ngati kuseri kwa pepala kwajambulidwa. Afunse ngati zithunzizo zimakopedwanso pena, chifukwa kompyuta imodzi ikapsa ndi mphezi zonse zathera pomwepo. Aonenso kuti chithunzi chapatsidwa dzina lomveka, nambala ya munthu ndi chaka, osati "scan001", poti mafayilo otere akafika zikwi palibe angapeze la agogo ake.

Ndipo pepala lenileni abwerere nalo kunyumba. Chithunzi chimathandiza pofufuza ndi popempha pepala lina loyamba likatayika, koma pa mlandu wa malire a munda kapena polembetsa mayeso akuluakulu adzafunabe lenilenilo, kapena kope lodindidwa kwa notariyo. Alikulunge m'pulasitiki, aliike m'chitini chotseka bwino, pamwamba, kutali ndi khoma la dothi.