Musamutseke pakamwa Yesaya

Alaliki amene amawerenga maulosi a Mesiya ngati malisiti, uwu wakwana, uwu wakwana, akulakwira Mateyu yemwe akumutamandayo. Ine ntchito yanga ndi yomasulira, choncho ndiyambira pa mawu. Pa Yesaya 7:14 Chiheberi chili ndi almah, mtsikana wotha msinkhu. Omasulira Septuagint anaika parthenos m'Chigiriki, ndipo Mateyu 1:23 anatsata iwowo. Koma Yesaya ankalankhula ndi mfumu Ahazi, pamene Aramu ndi Israeli ankaopseza Yerusalemu zaka zoposa 700 Yesu asanabadwe. Chizindikirocho chinali choti Ahazi achione. Hoseya 11:1 nayenso akukumbukira mtundu wa Israeli ukutuluka mu Ejipito, sakulosera konse.

Kodi Mateyu sankadziwa zimenezi? Ankadziwa bwino. Kwa iye, kukwaniritsidwa kunali kuona mbiri ya Israeli ikubwerezedwa mwa Yesu, ndipo chikhulupiriro chotere n'chozama kuposa masamu a paguwa.

Baibulo la RSV litasankha mtsikana mu 1952, mbusa wina ku North Carolina anawotcha tsambalo. Motowo sunasinthe Chiheberi. Tiziwerenga mutu wonse, Yesaya amalize kaye nkhani yake ndi Ahazi, kenaka Mateyu alankhule.