Pa graduweshoni muziwerenga kaundula wa Fomu 1

Anzanga olemba ndi owerenga, nyengo ya magraduweshoni ikafika masamba athu amadzaza ndi zithunzi za ana a Fomu 4 ali m'magauni, pansi pake mawu omwe aja: tinayamba limodzi, tamaliza limodzi. Mwina nanu munalembapo ndakatulo yotere, kapena munaiombera m'manja ikulakatulidwa. Ine ndikuti mawu amenewa ndi bodza, ndipo talizolowera mpaka layamba kutikomera.

Tengani kalasi ya pa CDSS ya m'tauni yaing'ono ngati Luchenza kapena Migowi, imene inalemba MSCE mu 2024. Ana amenewa anali Sitandade 8 pomwe sukulu zinatsekedwa mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19. Pomwe zinkatsegulidwa, ena anali ndi pakati, ena ali pabanja, ena atazolowera ndalama ya ganyu. Otsalawo atalemba mayeso, masankho anawamwaza: ochepa ku sukulu zogonera konko, ena ku CDSS, ena dzina osatuluka. Ali Fomu 3, mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba, makalasi n'kusanduka misasa ya anthu othawa madzi. Onjezani za masiku onse a nthawi imeneyo: fizi, yunifomu, kachipinda ka selufu kopanda ufa mwezi wa Febuluwale, ndalama ya mayeso a MANEB. Ndiye mundiuze kuti amene anakhala pa desiki tsiku loyamba la Fomu 1 ndi omwewo avala gauni. Eti?

Ku Lilongwe kapena ku Blantyre, mwana akasiya sukulu amasowa m'chigulu cha anthu. M'tauni yaing'ono sasowa ayi. Tsiku la graduweshoni amakhala pompo. Wakabaza amene wanyamula mayi wa mwana wovala gauni ankakhala desiki imodzi ndi mwanayo. Mtsikana amene akugulitsa mandasi pageti, khanda lili kumbuyo, ndi uja ankakhoza masamu kuposa onse. Zokuzira mawu zikufika mpaka kumsika, ndipo iwo akumva bwinobwino woyankhula m'malo mwa ophunzira akuti palibe amene watsala m'mbuyo. Taganizani mmene mawu amenewo amalowera m'khutu mwawo.

Ndikudziwa muyankha kuti chiyani. Muti tsikuli ndi lachisangalalo, ana avutika zaka zinayi, tisawabweretsere maliro pa phwando. Zoona, asangalale, avine mpaka nsapato ithe. Koma kumbukirani kuti ambiri amavala gauni mayeso asanalembe n'komwe. Ngati timakondwerera zotsatira zisanatuluke, ndiye kuti chimene tikukondwerera ndi ulendo. Nanga nkhani ya ulendo inganenedwe bwanji osatchula amene anagwa panjira? Pakwathu minibasi ikafika pa siteji ili ndi mipando yopanda anthu amene tikuwadikira, timafunsa kaye kuti ali kuti.

Pempho langa ndi laling'ono. Aphunzitsi aakulu atulutse kaundula wa Fomu 1, anene pagulu kuti anayamba angati, afika angati, ndipo enawo chinawachotsa n'chiyani. Maina asatchulidwe, kuopa kuchititsa munthu manyazi. Chiwerengero chokha n'chokwanira kuti mfumu, khansala ndi komiti ya makolo amene akhala pa mipando yakutsogolo asamasuke nacho. Pa ndalama zimene kalasi imasonkha za gauni, disiko ndi mpunga, kachigawo kapite kwa wa Fomu 3 amene watsala pang'ono kusiya. Mlendo wolemekezeka, m'malo mobwereza kuti maphunziro ndi kiyi, akumbutse makolo kuti kuyambira 1993 boma limalola mtsikana amene anabereka kubwerera kusukulu, komanso kuti makalasi a open alipo kwa amene akufuna kuyambiranso.

Ndipo ife a gulu lino tisanamizire ena. Ndife amene timalemba ndakatulo za pa mwambowu ndi timawu ta pansi pa zithunzi. Makolo anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Sabata ino, musanalembe za amene wapeza mapointi 6, bwererani m'maganizo ku kalasi yanu ya Fomu 1, muwerenge mzere ndi mzere, desiki ndi desiki. Munayamba angati, munamaliza angati? Tiuzeni m'munsimu, ndipo wina alembe nkhani ya uja amene sanafike.