Banjo si ya Satana ayi

Abale anga, ndatopa nawo akuluampingo ena kuno ku Mdeka amene amati banjo ndi choimbira cha kumowa. Banja lina, bambo, mayi ndi ana awo 7, analiletsa kuimba pa mapemphero ati chifukwa banjo yawo ndi yopanga ndi chigubu cha mafuta. Koma kiyibodi yolira ngati ku disiko, imeneyo ndiye yoyera eti?

Ku America, nyimbo za bluegrass zimene Bill Monroe wa ku Kentucky anatchukitsa m'zaka za m'ma 1940 amaziimba ndi banjo, gitala ndi mandolini, ndipo zambiri ndi zotamanda Mulungu. Mabanja athunthu amaimbira limodzi m'matchalitchi. Banjoyo chiyambi chake ndi akapolo ochokera kuno ku Africa. Azungu akutamanda nayo Mulungu, eni akefe tikuiopa!

Pa Singano pompa, ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, munthu ndi mng'ono wake, anaimba mpaka kukafika ku Ulaya. Luso la pabanja sitikulidziwa lero. Ndipo akuluakulu inu, Salimo 150 likutchula zoimbira za zingwe, kawerengeni. Lamulungu lapitali magetsi atathima kiyibodi yanu inangoti zii, banja lija lili chete kumbuyo, banjo ili m'thumba.