Kazitape wa kwathu amapitanso kumaliro

Olemba nkhani za ngwazi kumayiko a azungu amakonda kuyamba adula kaye mizu ya munthu wawo. James Bond, amene Ian Fleming anamutulutsa koyamba m'buku mu 1953, ndi mwana wamasiye. Batman makolo ake anaphedwa iye akuona. Superman ndiye dziko lakwawo lonse linaphulika. Akatero munthu uja amamasuka: angathe kukwera ndege usiku uno osatsanzika aliyense, ndipo palibe m'bale amene angamuimbire foni ali pakati pa ntchito kumuuza kuti kumudzi kwagwa zovuta. Ine ndikuti kazitape wotere kuno ku Chongwe, m'dziko la Zambia, sangathe sabata asanadziwike, ndipo ana athu akamapeka ngwazi zawo asamatengere ameneyu.

Chandiyankhulitsa ndi masewera ena amene safuna magetsi kapena foni. Anthu anayi kapena asanu amazungulira tebulo, aliyense ali ndi pepala ndi pensulo, pakati pali madayisi. Mmodzi amatsogolera nkhani: amafotokoza malo, nthawi, adani ndi vuto limene lagwa. Enawo aliyense amapeka munthu wake, n'kulemba papepala dzina lake, zimene amatha, zimene zimamukanika ndi chimene amaopa. Nkhani ikafika poti munthu wako akufuna kulumpha mpanda kapena kupusitsa mlonda, sungonena kuti zatheka. Umaponya dayisi, nambala imene yatuluka ndiyo imagamula. Amene anatchukitsa masewerawa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson a ku America, ndi Dungeons & Dragons yawo ya mu 1974. Pasanapite nthawi anthu anafuna zina kuposa malupanga ndi zilombo zolavula moto: mu 1980 kunatuluka Top Secret, ya akazitape, ndipo mu 1981 kunabwera Champions, ya ngwazi za mphamvu zodabwitsa. Kwa ife zachilendo ndi madayisi okhawo. Zinazo ndi nthano ya madzulo, kungoti omvera sathera pa kuvomera kuti tili tonse, amalowa m'nthanomo n'kuipotoza mmene afunira.

Chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba moti magetsi ankazima pafupifupi tsiku lathunthu, ana a mlongo wanga ndi anzawo anasowa chochita madzulo. Tinatenga dayisi ya ludo, mapepala a m'kope lakale ndi tochi, n'kukhala pakhonde. Ndinawauza kuti aliyense apeke kazitape wokhala ndi mphamvu imodzi yoposa ya munthu wamba. Zimene analemba poyamba mungathe kuziganiza nokha: suti yakuda, magalasi akuda, galimoto youluka, mfuti iwiri. Mnyamata wina anati wakeyo amakhala ku New York koma amabwera ku Chongwe pa helikopita. Ndiye mtsikana wamng'ono pa onsewo, amene anali chete akutafuna pensulo, anafunsa kuti, “Amalume, nanga iyeyo ndi mwana wa ndani? Akafika pamsika anthu amufunsa.”

Funso limenelo linagwetsa akazitape onse a masuti. Mwanayo ananena zoona. Kuno mlendo akangotsika minibasi, asanafike n'komwe kumene akupita, amayi a pamsika amakhala atamuwerenga kale kuyambira nsapato mpaka chikwama. Kumidzi ya Asoli, m'dziko la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, munthu sungangomanga khumbi n'kuyamba kukhala osaonekera kwa nyakwawa. Chinsinsi ndi katundu wolemera pamalo pamene aliyense amadziwa amene anakubala, kumene unakwatira ndi tchalitchi chimene umapemphera.

Choncho anawo anang'amba mapepala n'kupeka munthu mmodzi pamodzi. Anamutcha Amake Chisomo, mayi wa zaka za m'ma 50 wogulitsa tomato ndi chimanga chootcha m'mbali mwa Great East Road. Malole onse opita ku Chipata ndi ku Malawi amadutsa pamaso pake, madalaivala amaima kugula chimanga, amacheza pafoni osasamala kuti pali khutu pafupi. Mphamvu yake ndi yakuti akamanga chitenje chake mwa mtundu wina, aliyense womuona amaiwala nkhope yake akangotembenuka. Angathe kulowa mu ofesi, kumva zonse, kutuluka, mlonda n'kulumbira kuti sipanadutse munthu. Apa ndinawakumbutsa lamulo limene wosewera aliyense wozolowera amalidziwa, lakuti mphamvu yopanda mtengo imapha masewera, chifukwa munthu wosagonjetseka alibe chifukwa choponyera dayisi. Anakangana kwa nthawi, kenaka anagwirizana chinthu chimene chinandilasa mtima: tsiku lililonse limene mayiyo wagwiritsa ntchito mphamvuyo, mdzukulu wake amene amamulera nayenso amamuiwala mpaka m'mawa. Amafika kunyumba atapulumutsa boma lonse, mwana n'kumufunsa kuti mukufuna ndani.

Sindikhulupirira kuti wolemba wa ku London akadaganiza mtengo umenewu. Unachokera kwa ana amene akudziwa kuti kuleredwa ndi agogo n'kutani.

Tisaiwale kuti boma lino ukazitape silinauonere pa kanema pokha. Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili m'boma la Chongwe, ndipo pa 19 Okutobala 1978 oyang'anira ndege pansanja ya bwaloli anamva pawailesi mawu a woyendetsa ndege yankhondo ya Rhodesia, wodzitcha Green Leader, akulamula kuti ndege za asilikali a Zambia zisanyamuke. Nthawi imeneyo n'kuti anzake akuukira msasa wa Freedom Camp ku Chikumbi, kumene kunali anthu a ZIPRA, gulu la Joshua Nkomo lolimbana ndi boma la Rhodesia. Kunafa anthu ambiri tsiku limenelo, kumeneko ndi ku Mkushi. Mu Novembala 1979 asilikali a Rhodesia anaphulitsa milatho ingapo ya dziko lino, umodzi mwa iyo uli wa pa mtsinje wa Chongwe, pa msewu womwewu umene Amake Chisomo amaotchera chimanga. Ntchito zotere sizichitika popanda wina kubwera kaye mwakachetechete kudzayeza mlatho, kuwerenga alonda ndi kujambula njira. Akuluakulu amene analipo amakumbukira mantha amene anatsatira, pamene nkhope iliyonse yachilendo inkakayikiridwa. N'chifukwa chake sindisangalala ndikaona mwana akuyesa kazitape ndi munthu wa suti amene amapha anthu n'kukonza tayi. Kwa agogo ake a mwana yemweyo, kazitape anali chifukwa chimene anthu anaikira maliro ambiri tsiku limodzi. Ngati tikupanga wathu, akhale woteteza mlatho, ndipo papepala pake palembedwe anthu amene angalire iye akalakwitsa.

Pali mwana wa dziko lino amene anaiona kale njira imeneyi. Malenga Mulendema anakula akuonera makatuni amene munalibe ngwazi yofanana naye. Mu 2015 anasankhidwa pa mpikisano wa olemba nkhani wa kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town, ndipo mu Julayi 2023 Netflix inatulutsa Supa Team 4, nkhani ya atsikana anayi a sekondale mu Lusaka wa m'tsogolo: Komana, Monde, Temwe ndi Zee. Amene amawalemba ntchito ndi Mama K, mayi wachikulire amene anali kazitape pa masiku ake, ndipo pambali pake pamakhala mbuzi. Nyimbo yotsegulira anaimba Sampa the Great. Chimene ndimakonda m'makatuniwa n'chakuti atsikanawo akamaliza kulimbana ndi adani amayenerabe kulemba homuweki ndi kufotokoza kunyumba kumene anali. Koma Supa Team 4 imafuna intaneti, ndalama zolipira mwezi ndi mwezi, ndi magetsi. Mwana wa ku Kanakantapa amene alibe zitatu zonsezi angathebe kupeka Mama K wakewake ndi pensulo.

Ntchito imene ndinawapatsa Amake Chisomo sindinaitenge patali. Aliyense wokhala m'tauni ya Chongwe akudziwa mmene mtsinje umaphwera mvula ikachedwa, mipopi n'kuuma, anthu n'kumadikira madzi a m'mathanki. M'nkhani yathu munali munthu wina wachuma, wongopeka, amene ankapatutsa madzi usiku kumtunda kwa mtsinje. Anawo anatsata mapaipi, ananyengerera woyendetsa njinga ya malasha kuti awauze lole imene imadutsa tambala asanalire, anapeza kuti pampu idzasamutsidwa Loweruka. Apo ndi pamene ndinawaponyera msampha: Lachisanu usiku kunabwera uthenga kuti apongozi a Amake Chisomo amwalira, kuika ndi Loweruka lomwelo.

Pakhonde panabuka mkangano weniweni. Anyamata anati asiye maliro, madzi a tauni yonse ndi ofunika kuposa. Atsikana anati mkazi amene wasowa pa maliro a apongozi ake sadzakhalanso ndi pokhala m'mudzimo, ndipo kazitape amene mudzi wamutaya ndiye kuti maso ndi makutu ake onse atha, pakuti amene amamuuza zinthu ndi anthu omwewo. Wina anati amange chitenje chija achoke pamaliro osaonedwa. Mnzake anayankha kuti akatero mdzukulu amuiwala pa tsiku limene mwanayo akufuna agogo ake kuposa masiku onse. Palibe amene anatchula mfuti. Ana a zaka 11 ndi 13 anatha ola lathunthu akuyeza udindo wa munthu kwa abale ake ndi udindo wake kwa anthu onse, nkhani imene akuluakulu timaizemba ngakhale pa misonkhano ya mpingo. Potsiriza anagwirizana zoti mayiyo aulule chinsinsi chake kwa mnzake mmodzi wa m'bungwe la amayi, kuti iyeyo akalondole lole. Anaponya dayisi kuti aone ngati mnzakeyo asunga pakamwa. Inagwa pa 2.

Ena adzati masewera a madayisi ndi juga, ena adzati za mphamvu zodabwitsa zimayandikira ufiti. Nkhawa zimenezi ndimazilemekeza, ndipo kholo lili ndi ufulu wokhala pafupi n'kumvetsera. Likatero lidzapeza kuti palibe ngwee imene ikusintha manja, ndipo mphamvu za papepalazo n'zopeka poyera, aliyense akudziwa kuti wazilemba yekha. Chimene lidzaona ndi mwana amene amadana ndi kulemba chimangirizo kusukulu akudzaza tsamba lonse ndi mbiri ya munthu wake, akuwerengera manambala, akudikira nthawi yake yoyankhula.

Ku Chalimbana, m'boma lathu lomwe lino, aphunzitsi akhala akusulidwa kuyambira 1939. Ndikadakonda ophunzira a kumeneko atalemba kabuku ka masamba ochepa, m'Chinyanja ndi m'Chisoli, kofotokoza malamulo osavuta ogwiritsa dayisi imodzi ya ludo, chifukwa madayisi a mbali 20 amene amasewerera kunja sapezeka m'tumashopu tathu. Papepala la munthu wopekayo, pamene mabuku a ku America amaika mndandanda wa zida, iwo aikepo mizere itatu: kwawo ndi kuti, amadyetsa ndani, ndipo ndani angamuzindikire ngakhale atabisala chotani.